Hatchi ndi bala la mumtima: chithandizo chosayamba ndi mafunso

Chiyambire mu Julayi 2022, pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde n'kudzatsitsidwa m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, midzi ya m'mphepete mwa nkhalangoyi, kuno kwathu ndi kutsidya ku Zambia, yakhala ikuika maliro a anthu ophedwa ndi njovu. Omwalira amawerengedwa, minda yowonongeka imayezedwa, atolankhani amalemba. Wosalowa m'kaundula aliyense ndi uja anathawa n'kupulumuka, amene mpaka lero nthambi ikathyoka kuseri kwa nyumba usiku amadzambatuka thukuta lili kamukamu. Anthu otere tili nawo ambiri, ndipo si a njovu okha. Alipo amene anatuluka amoyo m'minibasi yogubuduzika pa msewu wa M1 anzawo atafera pomwepo, atsikana ogwiriridwa ndi munthu wapachibale, amayi amene akhala zaka akumenyedwa m'banja, komanso asilikali athu amene anabwerako ku DRC anzawo atatsala kumeneko, monga zinachitikira mu Novembala 2018 pamene asilikali 6 a Malawi anaphedwa pafupi ndi Beni.

M'maiko monga America ndi Britain, ena mwa anthu ovulala mumtima chonchi amapita nawo kukhola la mahatchi. Kumeneko sakwera, sathamangitsana. Amangoima pafupi ndi nyamayo, kuipesa, kuitsogolera ndi chingwe, katswiri wa za maganizo ali pambali. Kwa ife a ku Kasungu ndi Mchinji, amene ambiri hatchi tinangoiona pa kanema kapena kuimva m'Baibulo, zimenezi zimamveka ngati zosangalatsa za anthu olemera. Koma m'kati mwake muli nzeru yeniyeni yokhudza mmene mantha amakhalira m'thupi la munthu, ndipo nzeru imeneyo ikutikhudza ngakhale tilibe hatchi ndi imodzi yomwe.

Chimene chimachitika m'thupi

M'kati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ndi kuchenjeza. Kakaona choopsa sikadikira kuti munthu aganize. Nthawi yomweyo thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline, mtima umathamanga, mpweya umafupika, minofu imakungika, kuti munthuyo athawe, amenyane, kapena aume gwaa pamalo amodzi. Zimenezi n'zimene zimatipulumutsa. Choopsacho chikadutsa, thupi limabwerera mwakale.

Kwa ena silibwerera. Kachigawo kaja kamakhala ngati mlonda amene akuba anamupezerera kamodzi, ndiye tsopano amaliza wezulo usiku wonse, ngakhale wadutsa ndi mphaka. Fungo la dizilo, kulira kwa matayala, mawu a mwamuna woledzera panjira, zonsezi zimamubweza munthu ku tsiku lija, osati ngati chinthu chimene akuchikumbukira, koma ngati chikumuchitikira panopa. Amalota zoopsa, amazemba njira imene inachitikira ngoziyo, amapsa mtima ndi tinthu tating'ono, kapena amangoti zii, osamva chisoni, osamvanso chimwemwe. Zizindikirozi zikapitirira mwezi n'kumamulepheretsa kugwira ntchito ndi kukhala bwino ndi anthu, madokotala amati munthuyo ali ndi PTSD. Dzinali linalowa m'buku la matenda a maganizo la madokotala a ku America mu 1980, makamaka chifukwa cha asilikali obwerera kunkhondo ya ku Vietnam, koma vutolo ndi lakale ngati nkhondo ndi imfa zomwe.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 70 mwa 100 alionse amakumana ndi chinthu choopsa chotere pa moyo wawo. Ambiri amachira pang'onopang'ono mothandizidwa ndi abale ndi anansi. Amene amafika podwala PTSD ndi pafupifupi 6 mwa 100 alionse a iwo. Chiwerengerochi chikuoneka chochepa, koma chiikeni pa boma lonse la Kasungu, muona kuti ndi anthu ochuluka zedi.

Ife tili ndi njira zathu zonyamulirana. Maliro akagwa timakhuza, timagona pasiwa, timabwereranso kudzapepesa, ndipo wofedwa sasiyidwa yekha. Mwambo umenewu umachiritsa, ndipo usanyozedwe. Koma ndi mwambo wa imfa. Mtsikana wogwiriridwa alibe mwambo womusonkhanitsira anthu. Nkhani yake imakwiriridwa kuti banja lisachite manyazi. Dalaivala amene anagunda mwana mwangozi palibe amene amadzamupepesa. Mwamuna akamanjenjemera usiku amauzidwa kuti mwamuna salira, alimbe mtima, zinapita zimenezo. Akalephera kulimba amathawira ku kachasu, ndipo ife timati wasanduka chidakwa, kapena timati amulodza.

Chithandizo chimene chili ndi umboni wamphamvu chilipo. Mu 2013 WHO inalimbikitsa njira ziwiri: uphungu wa CBT, wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, wolunjika pa choopsacho, ndi njira ya EMDR, imene wodwala amakumbukira choopsacho uku akutsatira ndi maso dzanja la mphungu likuyenda uku ndi uku. Njira zonse ziwiri zimafuna kuti munthu ayandikire chikumbukiro chimene wakhala akuchithawa. Zimathandiza ambiri, koma ambirinso amasiyira panjira, makamaka asilikali, chifukwa kukhala m'chipinda chotseka, maso ndi maso ndi mlendo amene akufunsa kuti "ndiye kenako chinachitika n'chiyani", ndi katundu wolemera. Ena mawu satuluka n'komwe. Apa m'pamene mahatchi analowera.

Poyamba sanalowere pa za maganizo ayi. Mayi wina wa ku Denmark, Lis Hartel, anadwala poliyo mu 1944 n'kupuwala miyendo kuyambira m'mawondo kupita pansi. Anabwereranso pa hatchi ngakhale ankachita kumukweza ndi kumutsitsa, ndipo mu 1952 anapata mendulo ya siliva pa masewera a Olympic ku Helsinki. Nkhani yake inalimbikitsa madokotala a mafupa ndi minofu ku Ulaya kuyamba kukweza ana olumala pa mahatchi, poona kuti kayendedwe ka hatchi kamagwedeza chiuno cha wokwerayo mofanana ndi mmene chimayendera munthu akamayenda yekha. Mu 1969 kunakhazikitsidwa bungwe la Riding for the Disabled Association ku Britain, ndi linanso ku America limene lero limatchedwa PATH International. Za mabala a mumtima zinadza pambuyo. Bungwe la Eagala, limene linayamba ku America mu 1999, linakhazikitsa dongosolo loti wodwala asamakwere, zonse zizichitikira pansi, ndipo nthawi zonse pazikhala akatswiri awiri: wina wa za maganizo a anthu, wina wodziwa khalidwe la mahatchi.

M'kholamo mumachitika zotani

Malo ake amakhala bwalo lotchingidwa, momwe muli hatchi imodzi kapena ziwiri zosamanga. Odwala amakhala ochepa, nthawi zina mmodzi yekha. Tsiku loyamba ntchito ikhoza kungokhala yoima patali n'kumaonerera: ndi iti ikutsogolera inzake, makutu aloza kuti, mchira ukutani. Kenako munthu amauzidwa kuti ayandikire, ailole imununkhize dzanja. Masabata otsatira amaphunzira kuipesa ndi bulashi, kuinyamula phazi kuti achotse matope m'chiboda, kuitsogolera pakati pa mitengo yogonekedwa pansi, mpaka kuiyendetsa popanda chingwe.

Tiyerekeze bambo amene wakhala zaka ali tcheru usiku ndi usana. Akulowa m'bwalo mapewa atakwera, nsagwada zitalumana, akuyenda molunjika pa hatchi. Hatchi ikutembenuka n'kuchokapo. Akuitsatira mwamphamvu, iyo ikuchokanso. Mphungu sakumufunsa za nkhondo kapena za ngozi. Akungoti, "Bambo, mwaona chiyani pamenepa?" Mwina bamboyo ayankha kuti hatchiyo ndi yamwano. Mphungu akuti, "Taimani kaye pomwepo. Mpweya wanu ukuyenda bwanji? Manja anu ali bwanji?" Bambo uja akuzindikira kuti wakunga zibakera osadziwa. Akutulutsa mpweya pang'onopang'ono, akugwetsa mapewa, akuima cham'mbali m'malo moipenyetsetsa. Patapita kanthawi hatchi ikutsitsa mutu, ikubwera yokha.

Chachitika apa n'chaching'ono, komabe kwa munthu wa PTSD n'chachikulu. Kwa nthawi yoyamba waona ndi maso ake kuti thupi lake limalankhula ukali ngakhale pakamwa pali chete, ndipo waona kuti iye mwini angathe kulikhazika pansi. Mkazi wake wakhala akumuuza zaka zonsezi kuti ana amamuopa, iye n'kumakana. Hatchi sangakangane nayo. Ilibe naye mlandu, sidziwa mbiri yake, sikanena kwa anthu a m'mudzi. Kwa mtsikana amene thupi lake linagwiridwa popanda chilolezo, phunziro limakhala lina: akutambasula dzanja n'kunena kuti "ima", ndipo chinyama cholemera makilogalamu 500 chikuima. Kukana kwake kwamveka. Zimene zachitika m'bwalomo n'zimene mphungu amadzakambirana naye pambuyo pake, ndipo nthawi zambiri m'pamene mawu aja anakanika m'chipinda amayamba kutuluka.

Chifukwa chake hatchi, osati galu kapena mphaka, chili m'chilengedwe chake. Galu ndi mlenje. Hatchi ndi nyama yosakidwa. Makolo ake anapulumuka m'madambo chifukwa chokhala tcheru. Maso ake ali m'mbali mwa mutu kotero kuti imaona pafupifupi mbali zonse popanda kutembenuka, khutu lililonse limazungulira palokha, imatha kuwodzera chiimire, ndipo imodzi m'gulu ikadzidzimuka zonse zimadzidzimuka. Msilikali amene sakhala chofulatira khomo amaizindikira nyama yotere msanga. Kusiyana kwake n'kwakuti hatchi ikadzidzimuka n'kuona kuti palibe choopsa, posakhalitsa imaweramanso n'kumadya msipu. Kubwerera kumeneko n'kumene wodwala PTSD anataya. Ndiponso hatchi yodekha mtima wake umagunda ka 28 mpaka 44 pa mphindi, pamene wa munthu wamkulu umagunda ka 60 mpaka 100. Kuima pafupi ndi thupi lalikulu, lofunda, lopuma mwapang'onopang'ono chonchi, dzanja likupesa mobwerezabwereza, kumathandiza munthu kuchepetsa liwiro la mpweya wake.

Zoti mahatchi amawerenga anthu si nthano. Mu 2016 akatswiri a pa yunivesite ya Sussex ku England anaonetsa mahatchi 28 zithunzi za nkhope za anthu, zina zosekerera, zina zokwiya. Akaona nkhope yokwiya mtima wawo unkathamanga msanga, ndipo ankaiyang'ana ndi diso lakumanzere, limene mahatchi amakonda kuyang'anira zinthu zoopsa. Ku Sweden mu 2009 ofufuza anauza anthu otsogolera ndi okwera mahatchi kuti pa ulendo womaliza wina atambasula ambulera mwadzidzidzi. Ambulerayo sanaitambasule, koma mitima ya anthuwo inathamanga poyembekezera, ndipo ya mahatchi inathamanganso. Mantha a munthu anafika kwa nyama popanda mawu.

Pamenepa ndipamene tiyenera kusamala. Ena otsatsa chithandizochi amapitirira malire, amati hatchi imaona mzimu wa munthu, imadziwa chinsinsi chake, imayamwa ululu wake. Ayi. Hatchi imaona kaimidwe, kapumidwe ndi kagwiridwe ka chingwe, basi. Ikachoka pafupi ndi munthu mwina yangoona msipu wabwino uko, kapena ntchentche zaivutitsa. Mphungu wosaphunzira bwino akhoza kumuuza wodwala kuti "yakuthawani chifukwa muli ndi mkwiyo wobisika", n'kumusenzetsa mlandu wina pamwamba pa umene ali nawo kale.

Umboni ukuti bwanji

Mu 2014 akatswiri a za maganizo motsogozedwa ndi Michael Anestis anasanthula kafukufuku 14 wa chithandizo cha mahatchi pa matenda a maganizo, ndipo anapeza kuti yense anali ndi zofooka zazikulu: anthu ochepa, kusowa gulu lina la odwala osalandira chithandizochi loyerekezera nalo, ndi zina. Anachenjeza kuti chisamagulitsidwe kwa anthu ngati mankhwala otsimikizika.

Kafukufuku wodziwika kwambiri wa pambuyo pake ndi wa yunivesite ya Columbia ku New York, pansi pa ntchito yotchedwa Man O' War Project, imene ankatsogolera ndi Yuval Neria ndi Prudence Fisher. Zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Anthu 63 amene anagwirapo ntchito ya usilikali ndipo anali ndi PTSD ankakumana ndi mahatchi m'timagulu kamodzi pa sabata, mphindi 90, kwa masabata 8, osakwera komanso osakakamizidwa kufotokoza zimene anaona kunkhondo. Pafupifupi theka la iwo zizindikiro zawo zinatsika moonekeratu, ndipo zinakhalabe zotsika patatha miyezi 3. Chochititsa chidwi china n'chakuti osiyira panjira anali ochepa kwambiri, osafika 10 mwa 100 alionse. Koma panalibe gulu lina loyerekezera nalo. Choncho kafukufukuyu salekanitsa mphamvu ya hatchi ndi mphamvu ya zinthu zina zimene zinabwera nayo limodzi: kutuluka m'nyumba, kukhala panja, kucheza ndi anzawo omvetsa vuto lawo, kukhala ndi tsiku loliyembekezera sabata iliyonse.

Ine ndimaona chonchi: hatchi si mankhwala, ndi khomo. Imathandiza munthu amene sakanalowa n'komwe m'chipinda cha uphungu kuti ayambe, ndiponso kuti asathawe. Zimenezo si zazing'ono, chifukwa chithandizo chabwino chimene munthu wachisiya sabata yachiwiri sichinamuthandize kanthu. Koma amene angamuuze wodwala kuti asiye mankhwala a kuchipatala kapena uphungu wotsimikizika chifukwa wapeza hatchi, akumuika pangozi. Palinso ngozi zooneka ndi maso: hatchi imaponda, imaluma, imamenya ndi miyendo yakumbuyo mpaka kuthyola nthiti. Nayonso imatopa, kuigwiritsa ntchito ndi anthu ovutika mtima tsiku lonse popanda kupuma ndi nkhanza.

Nanga kuno kwathu

Tinene zoona, Kasungu si dziko la mahatchi. Kashembe wa m'nkhalango ya Kasungu, yemwe uja amapatsira anthu matenda a kaodzera, amapatsiranso ziweto tizilombo ta mtundu womwewo, ndipo hatchi sipirira nato. Palinso matenda a African horse sickness, ofalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka toluma madzulo, amene amapha mahatchi ambiri osalandira katemera. Onjezerani chakudya, mankhwala, kusamalira ziboda ndi dokotala wa ziweto, muona chifukwa chake mahatchi ochepa a m'dziko muno amapezeka m'mafamu a anthu opeza bwino ndi kumalo okopa alendo monga ku Kande m'boma la Nkhata Bay ndi pa phiri la Zomba. Wina atabwera ndi ndalama lero kuti athandize ovulala mumtima ku Chulu, ku Santhe kapena ku Kapiri, sindingamulangize kuti agule mahatchi.

Koma tili ndi ng'ombe zapagoli, tilinso ndi abulu. Aliyense amene anayendetsapo ngolo yodzaza fodya kapena chimanga amadziwa kuti ng'ombe imazindikira mwini wake akabwera atapsa mtima: imakana goli, imapotoza khosi, imapita mbali. Akabwera modekha, akuiitana ndi dzina lake, akuisisita pa linunda, imalowa yokha. Mnyamata wobusa amadziwa zimenezi asanaphunzire kulemba. Bulu nayenso ndi m'bale wake wa hatchi, kungoti iye akachita mantha nthawi zambiri amangoima nji m'malo mothawa, ndipo ife timati ndi waliuma. Ku Britain bungwe la The Donkey Sanctuary lakhala zaka zambiri likugwiritsa ntchito abulu pothandiza ana ndi akulu ovutika m'maganizo. Sindikunena kuti kupesa bulu kumachiritsa PTSD. Ndikunena kuti mphungu wophunzira bwino wa kuno, akakumana ndi mnyamata amene sakutha kulankhula m'ofesi, akhoza kupita naye kukhola la kwawo, kapena kuyenda naye kudambo kumene akudyetsa ziweto, n'kuyambira pamenepo. Manja akakhala pa ntchito, maso osayang'anizana, pakamwa pamamasuka.

Izi zingatheke pokhapokha ziwetozo zikusamalidwa. Ng'ombe zambiri za pangolo m'misewu yathu zili ndi mabala m'khosi ndi mikwingwirima ya chikwapu. Abulu amasenzetsedwa katundu wopitirira mphamvu zawo, dzuwa lili pamutu, osamwa madzi. Nyama yomenyedwa tsiku ndi tsiku nayonso imakhala ndi mantha osatha, imadzidzimuka dzanja likangokwera, ndipo singaphunzitse munthu kudekha. Tizionanso ana: mwana amene wayamba mwadzidzidzi kuzunza ziweto mopitirira muyeso nthawi zina akuonetsa zimene iye mwini akuchitiridwa kapena akuziona m'nyumba. Asanalandire chikwapu chake, wamkulu wina amufunse modekha.

Chimene tikusowa kwenikweni si nyama, ndi mphungu uja woima pambali pa bwalo. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, kutali ndi ife. A St John of God, amene amathandizanso odwala matenda a maganizo, ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pazipatala za maboma pamakhala anamwino ndi madokotala a za maganizo, koma ndi ochepa, ndipo nthawi yawo yambiri imathera pa odwala khunyu ndi misala yoonekera. Anansi athu a ku Zimbabwe anasonyeza njira ina. Kuyambira mu 2006 dokotala Dixon Chibanda anayamba kuphunzitsa agogo aakazi ku Harare kupereka uphungu atakhala pa benchi panja pa chipatala, ntchito yotchedwa Friendship Bench. Kafukufuku wa anthu 573 amene anatuluka mu 2016, wokhala ndi gulu loyerekezera nalo, anaonetsa kuti amene anakhala pa benchi ndi agogowo nkhawa ndi kukhumudwa kwawo zinatsika kwambiri kuposa anzawo. Benchi ndi bwalo la mahatchi zikufanana pa chinthu chimodzi: zonse zimatulutsa uphungu m'chipinda choopsa n'kuuika pamalo pamene munthu angapume. Benchiyo ndiyotsika mtengo, ndipo agogo tili nawo m'mudzi uliwonse.

Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene chichitikireni ngozi kapena nkhanza sagona, amadzidzimuka, wasiya kupita kumunda kapena kusukulu, musamukakamize kufotokoza zonse, komanso musamuletse akayamba yekha. Musiyireni ntchito zimene amazidziwa, monga kudyetsa mbuzi, kutsegulira ng'ombe, kuthirira dimba, ndipo muzipita naye limodzi. Pakatha mwezi zinthu zisakusintha, mutengereni kuchipatala cha boma ku Kasungu kapena ku Mchinji mukafunse a za matenda a maganizo. Mapemphero ndi chipatala sizitsutsana. Ngati nkhaniyo ndi yogwiriridwa, musadikire mwezi: mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Nkhani za ana mukhoza kuimba mwaulere pa 116. Munthu akayamba kunena zofuna kudzipha, kapena kugawa katundu wake ngati akutsanzika, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.